Mpweya wosaoneka umene umadyetsa nyenyezi, ndi m'mene akatswiri anaugwirira

M'miyezi ya Juni ndi Julaye, mvula itatha ndipo utsi wa malupsa usanadzaze mumlengalenga, thambo la kuno kumapiri a Angónia limayera kwambiri. Amene ali ku Dómuè kapena ku Calómuè, kutali ndi magetsi a m'tauni ya Ulónguè, amaona Mlalang'amba utayalidwa pamwamba pa mutu ngati njira ya phulusa. Njira imeneyi ndi nyenyezi zoposa 100 biliyoni, ndipo dzuwa lathu ndi imodzi mwa izo. Kunja kwake kuli milalang'amba ina yosawerengeka, uliwonse ndi nyenyezi zake.

Kale akatswiri a zakuthambo ankayesa kuti mlalang'amba umathera pamene nyenyezi zake zathera. Lero akudziwa kuti mbali yowalayo ndi pakati chabe. Kuzungulira mlalang'amba uliwonse waukulu kuli chimtambo cha mpweya chotambalala kuposa mlalang'ambawo maulendo angapo. Nyenyezi zatsopano zimabadwa kuchokera ku mpweya, ndipo Mlalang'amba wathu umagwiritsa ntchito mpweya wolemera ngati dzuwa limodzi kapena awiri chaka chilichonse popanga nyenyezi. Pa mlingo umenewu, mpweya umene uli mkati ukanatha m'zaka mabiliyoni ochepa, pamene Mlalang'ambawu wakhala ukubala nyenyezi kwa zaka zoposa 10 biliyoni. Banja limene likudya chaka chonse pamene ufa wa m'nyumba unali wokwana miyezi iwiri, ndiye kuti lili ndi nkhokwe panja. Chimtambo chija ndicho nkhokwe ya mlalang'amba.

Vuto lake n'lakuti nkhokweyi sioneka. Mpweya wake ndi wopyapyala moti m'madera ake ambiri, mutatunga ndowa ya malita 20, mungapezemo maatomu owerengeka ndi zala. Suwala mokwanira kuti ujambulidwe mosavuta. Akatswiri anaugwira poyang'ana kuwala kumene iwo wameza.

Mchere pamoto

Mukawaza mchere pamoto wa makala oyaka bwino, malawi amasanduka achikasu. Chikasucho chimachokera ku sodiyamu wa mu mchere. Chinthu chilichonse cha m'chilengedwe, kaya ndi haidrojeni, okosijeni, kaboni kapena chitsulo, chili ndi mitundu yakeyake ya kuwala imene chimatulutsa chikatenthedwa, ndipo palibe ziwiri zofanana.

Kuwala kwa dzuwa kumaoneka koyera, koma utawaleza umationetsa kuti muli mitundu yonse, kuyambira wofiira mpaka wapepo. Mu 1814 Joseph von Fraunhofer, mmisiri wa magalasi wa ku Germany, anamwaza kuwala kwa dzuwa ndi galasi lake mosamala kuposa onse amene anayesapo. Mu utawaleza wakewo anaonamo timizere takuda toposa 500, malo amene kuwala kukusowa, ngati mapando m'munda pamene mbewu sinamere. Anatijambula n'kutipatsa zilembo, koma anamwalira asanadziwe chimene chimatichititsa. Yankho linabwera mu 1859 ku Heidelberg, kuchokera kwa Gustav Kirchhoff ndi Robert Bunsen. Iwo anaonetsa kuti mpweya ukaima pakati pa inu ndi nyali yowala kwambiri, umameza mitundu yomweyo imene ukanatulutsa utatenthedwa. Sodiyamu amene amapatsa moto chikasu ndi yemweyo amene amasiya timizere tiwiri takuda toyandikana m'chigawo chachikasu cha kuwala kwa dzuwa.

Nzeru imeneyi inafika kale m'minda yathu. Mu 1955 Alan Walsh ku Australia anafotokoza njira yoyezera zinthu pogwiritsa ntchito kumeza kwa kuwala, ndipo malabotale oyeza nthaka akuigwiritsabe ntchito. Dothi limene mlangizi watenga m'munda wa chimanga kapena wa kachewere amalisungunula m'mankhwala, madziwo n'kuwapopera m'lawi la moto, kenako n'kuunika nyali kudutsa m'lawilo. Kuchuluka kwa kuwala kumene kwamezedwa ndiko kumanena ngati nthakayo ili ndi magineziyamu, kashiyamu kapena zinki wokwanira. Akatswiri a zakuthambo amachita zomwezo, kungoti sangathe kudziyatsira nyali kuseri kwa mlalang'amba. Anayenera kupeza nyali yoyaka kale.

Nyali ya kuseri

Nyaliyo inadziwika mu 1963. Maarten Schmidt, akugwira ntchito pa telesikopu ya ku Palomar ku America, anayeza kuwala kwa kadontho kotchedwa 3C 273 kamene kankaoneka ngati nyenyezi wamba. Anapeza kuti kali kutali moti kuwala kwake kwayenda zaka pafupifupi 2 biliyoni kuti kufike kuno. Kumbukirani kuti kuwala kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi, ndipo kochokera ku dzuwa kumatipeza m'mphindi 8 zokha. Chinthu chooneka kuchokera kutali chonchi chiyenera kuwala kuposa nyenyezi zonse za Mlalang'amba wathu kuziphatikiza pamodzi. Zinthu zimenezi anazitcha ma quasar.

Quasar ndi phata la mlalang'amba wakutali, pamene pali black hole, dzenje lokoka mwamphamvu moti ngakhale kuwala sikutulukamo, lolemera kuposa dzuwa maulendo mamiliyoni kapena mabiliyoni. Mpweya umene ukugwera m'dzenjemo umazungulira mothamanga, n'kutentha, n'kuwala usanamezedwe. Kwa ife chofunika n'chakuti quasar ndi yowala, yaing'ono ngati kadontho, ndipo ili kuseri kwa pafupifupi chilichonse. Kuwala kwake kumadutsa m'mitambo yambiri ya mpweya panjira, ndipo mtambo uliwonse umalumako pang'ono.

Apa munthu angafunse: ngati mitambo khumi ya haidrojeni yameza mtundu womwewo wa kuwala, si ndiye mzere ukhala umodzi? Tingasiyanitse bwanji? Yankho lili pa kufutukuka kwa chilengedwe. Kuwala kumayenda ngati mafunde, ndipo mtundu wake umatengera kutalika kwa fundelo. Popeza chilengedwe chikufutukuka, mafunde amatanuka ali panjira, ndipo amene ayenda nthawi yaitali amatanuka kwambiri n'kusendera kumbali yofiira. Mzere umene mtambo wakutali unasiya umatanuka kwambiri kuposa wa mtambo wapafupi, motero uliwonse umagwera pamalo akeake. Amene anayendapo ulendo wa ku Joni kuchokera ku Dedza amadziwa m'mene pasipoti imabwerera: chidindo cha ku Calómuè, cha ku Cuchamano, cha ku Nyamapanda, cha ku Beitbridge, chilichonse ndi tsiku lake. Wapachipata safunika kukufunsani kumene mwadutsa. Kuwala kwa quasar kumafika ndi zidindo zotero.

Nachi chitsanzo. Magineziyamu amameza pa manambala awiri oyandikana, 279.6 ndi 280.3 pa muyeso wa nanomita, kuwala kumene diso la munthu siliona. Mtambo ukakhala pa mtunda woti kuwala kwayenda zaka pafupifupi 5 biliyoni, mafundewo amatanuka ndi theka, ndipo mapasa awiriwa amaoneka cha pa 420, m'chigawo chapepo. Katswiri akaona timizere tiwiri totalikirana mwa mlingo umenewo amadziwa kuti ndi magineziyamu, ndipo malo amene tagwera amamuuza mtunda.

Mizere yoyamba itayamba kupezeka m'zaka za m'ma 1960, panabuka mkangano. Ena ankati mpweyawo ndi wa quasar yomweyo, imene ikuulavula mothamanga. Mu 1969 John Bahcall ndi Lyman Spitzer anati ayi, yambiri ikuchokera ku mpweya wozungulira milalang'amba wamba imene ili panjira, ndipo mpweyawo uyenera kufika kutali kwambiri ndi nyenyezi. Mu 1971 Roger Lynds anapeza mizere ya haidrojeni yothithikana m'kuwala kwa quasar imodzi, yochuluka moti pambuyo pake anaitcha nkhalango. Umboni wogwirika unabwera mu 1986, pamene Jacqueline Bergeron wa ku France anafufuza pafupi ndi quasar yotchedwa PKS 2128-12 n'kupeza mlalang'amba umene mtunda wake unafanana ndendende ndi wa mizere ya magineziyamu. Kuwala kwa quasar kunadutsa pambali pake, pa mtunda wa zaka pafupifupi 200,000 za ulendo wa kuwala, pamene palibe nyenyezi zooneka. Poyerekeza, nyenyezi za Mlalang'amba wathu kuchoka mbali ina kufika mbali ina ndi zaka pafupifupi 100,000.

Zimene mzere umodzi umanena

Apa m'pamene pali luso lenileni, chifukwa mzere si wongonena kuti mpweya ulipo. Maonekedwe ake onse ali ndi tanthauzo.

Kuda kwa mzere kumanena kuchuluka. Mpweya wochepa umangoziziritsa kuwala pang'ono, wochuluka umakumaliza konse pamalopo. Haidrojeni ikachuluka kwambiri, monga pamene kuwala kwaboola pafupi ndi thupi la mlalang'amba, mzerewo umasanduka chigwa chotakata chokhala ndi mapiko aatali mbali zonse ziwiri. Arthur Wolfe ndi anzake anayamba kusaka zigwa zoterezi mwadongosolo m'zaka za m'ma 1980, ndipo zinapezeka kuti ndizo zikusunga mbali yaikulu ya haidrojeni wozizira amene analipo chilengedwe chili chaching'ono.

Kunenepa kwa mzere kumanena kutentha ndi chipwirikiti. Mu mpweya wotentha maatomu amathamanga uku ndi uku, ena kubwera kwathu, ena kupita kutali. Amene akubwera amameza pang'ono kumbali yapepo, amene akupita kumbali yofiira, monga momwe kulira kwa njinga yamoto kumakwerera ikamabwera n'kutsika ikadutsa. Zotsatira zake mzere umanenepa. Kuti asiyanitse kutentha ndi chipwirikiti, akatswiri amayerekeza atomu yopepuka ndi yolemera ya mu mtambo womwewo. Kutentha kumathamangitsa haidrojeni wopepuka kuposa chitsulo cholemera, koma kamvuluvulu amanyamula zonse pa liwiro limodzi. Mizere yonse ikanenepa mofanana ndiye kuti ndi chipwirikiti.

Nthawi zambiri mzere ukauonetsetsa ndi makina abwino umagawikana kukhala timizere tisanu, khumi, nthawi zina kuposa. Izi zimasonyeza kuti nkhokweyo si mpweya wosalala, koma timitambo tambiri, kalikonse kali ndi liwiro lake, kusiyana kwake kukufika makilomita mazana angapo pa sekondi.

Ndiye pali nkhani ya maatomu osendedwa. Atomu ikatenthedwa kapena kuwombedwa ndi kuwala kwamphamvu imataya ena mwa ma elekitironi ake, ndipo ikataya imayamba kumeza mitundu ina. Magineziyamu wotaya elekitironi imodzi amapezeka mu mpweya wa madigiri pafupifupi 10,000, umene akatswiriwa, modabwitsa kwa ife, amautcha wozizira. Okosijeni wotaya ma elekitironi asanu amachuluka pa madigiri pafupifupi 300,000. Wotaya asanu ndi imodzi kapena asanu ndi awiri amafuna madigiri miliyoni kapena kuposa, ndipo mizere yake imaoneka ndi ma telesikopu a X-ray okha. Mitundu yonseyi imapezeka m'chimtambo chimodzi, timitambo tozizira titamira m'nyanja ya mpweya wotentha. Musaganize za ng'anjo. Maatomu ake ndi otalikirana moti munthu atayikidwa m'menemo angafe ndi kuzizira, osati kupsa.

Chomaliza ndi mbali imene kuwala kwadzera. Milalang'amba yambiri ndi yophwatalala ngati lichero. Kafukufuku wa m'zaka za 2011 ndi 2012 anaonetsa kuti mizere yamphamvu ya magineziyamu imakonda kupezeka mbali ziwiri. Pamwamba ndi pansi pa lichero pali mpweya wothamanga umene ukutuluka, wokankhidwa ndi nyenyezi zophulika. M'mbali mwa lichero muli mpweya woyenda pang'onopang'ono, wozungulira mbali imodzi ndi nyenyezi, umene ukuoneka kuti ukulowa.

Njirayi ili ndi chofooka chimodzi chachikulu. Quasar imodzi imaboola malo amodzi okha, ngati kukumba dzenje limodzi kenako n'kuweruza munda wonse wa mahekitala khumi. N'chifukwa chake akatswiri amasonkhanitsa milalang'amba yambiri, uliwonse ndi dzenje lake pa mtunda wosiyana, n'kupanga chithunzi chimodzi.

Kumene kunapita okosijeni

Mizere yambiri yofunika ili m'kuwala kwa ultraviolet, kumene mpweya wa dziko lathu umatchinga. Pa chifukwa ichi ntchitoyi inadikira telesikopu ya Hubble, imene inakwezedwa mumlengalenga mu 1990, makamaka chida chotchedwa COS chimene anachimangirira mu Meyi 2009. Mu 2011 gulu lotsogoleredwa ndi Jason Tumlinson linafalitsa zimene linapeza pa milalang'amba 42. Mwa milalang'amba 30 imene ikubala nyenyezi, 27 inali ndi okosijeni wotentha uja kuzungulira, mpaka mtunda wa zaka pafupifupi 500,000 za kuwala. Mwa 12 imene inasiya kubala, inayi yokha.

Okosijeni sanalipo pachiyambi. Chilengedwe chinayamba ndi haidrojeni ndi hiliyamu basi, kupatula tizinthu tochepa. Okosijeni amene tikupuma, kaboni wa mu chimanga, naitrojeni wa mu feteleza wa urea, kashiyamu wa m'mafupa, zonsezi zinaphikidwa mkati mwa nyenyezi. Kupeza okosijeni kutali chonchi ndi nyenyezi kukutanthauza kuti anaponyedwa kunja. Mu 2014 Molly Peeples ndi anzake anawerengera kuti mwa zinthu zolemera zonse zimene nyenyezi za mlalang'amba zinaphikapo, gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu ndilo latsala mkati. Zina zonse zinatuluka. Chaka chomwecho Jessica Werk anaonetsa kuti mpweya wozizira wa m'chimtambo ukhoza kulemera mofanana ndi nyenyezi zonse za mlalang'ambawo.

Choncho nkhokweyi ndi dzala lomwe. Mpweya watsopano umalowa kuchokera kutali, wogwiritsidwa ntchito umatayidwa kunja, umazizira, ndipo wina umagweranso mkati patapita zaka mamiliyoni mazana ambiri, utalemera ndi zophikidwa, monga mapesi obwezeredwa m'mizere. Dzuwa lathu ndi dziko lino zinapangidwa zaka 4.6 biliyoni zapitazo kuchokera ku mpweya umene unali utadutsa kale m'nyenyezi zina.

Pali chimodzi chimene chikuvutitsabe mitu. Kafukufuku yemweyo anapeza kuti milalang'amba yambiri imene inasiya kubala ilinso ndi haidrojeni wozizira wochuluka kunja kwake. Nkhokwe ili ndi chimanga, koma m'nyumba moto sukuyaka. Ambiri akuloza chala black hole ya pakati, kuti mphamvu zake zimatenthetsa mpweya wozungulira n'kulepheretsa timitambo kufika mkati. Mkanganowu ukupitirira.

Zimene tingaone kuno

Iwiri mwa milalang'amba imene yayezedwa motere imaoneka ndi maso kuno kwathu. Madzulo a Novembala, kukakhala kopanda mwezi ndi mitambo, Andromeda amaoneka kumpoto ngati kachigamba ka nkhungu. Kuwala kwake kwayenda zaka 2.5 miliyoni. Popeza ali pafupi, kuseri kwake kuli ma quasar ambiri, ndipo mu 2020 Nicolas Lehner ndi gulu lake anagwiritsa ntchito 43. Anapeza kuti chimtambo chake chimafika zaka 1.3 miliyoni za kuwala, mbali zina mpaka 2 miliyoni. Umenewu ndi theka la ulendo wofika kwathu kapena kuposa, ndiye ngati chathu n'chachikulu mofanana, zimitambo ziwirizi zayamba kale kukhudzana.

Kumwera, m'miyezi yomweyo mpaka Januwale, kuli zigamba ziwiri zoyera zooneka ngati zidutswa zong'ambika ku Mlalang'amba. Imeneyi ndi Mitambo ya Magellan, milalang'amba ing'onoing'ono imene ikudutsa mkati mwa chimtambo chathu. Waukuluwo uli pa mtunda wa zaka pafupifupi 160,000. Akatswiri ankadabwa kuti bwanji mpweya wake sunakokoloke wonse. Mu 2022 Dhanesh Krishnarao ndi anzake, atayeza ma quasar 28, anapeza kuti uli ndi chofunda chakechake cha mpweya wotentha chimene chikuutchinjiriza.

Mzere wa pa 753

Haidrojeni wozizira amamezanso mafunde a wailesi, pa 1420 MHz. Wailesi za FM zimene mumatchera zimaulutsa pakati pa 88 ndi 108 MHz, ndiye ndi mafunde a banja lomwelo, kungoti ndi afupiafupi. Kumeneku n'kumene Africa ikutsogolera. M'chipululu cha Karoo ku South Africa, cha kufupi ndi tauni ya Carnarvon, kuli MeerKAT, mbale 64 zotchera mafunde a kuthambo, zimene zinatsegulidwa mu Julaye 2018. Imodzi mwa ntchito zake zikuluzikulu ndi kusaka mizere ya kumeza, motsogoleredwa ndi Neeraj Gupta wa ku Pune ku India.

Poyesa makinawa analoza quasar yotchedwa PKS 1830-211. Ili m'dera lowala kwambiri la Mlalang'amba limene limadutsa pafupifupi pamwamba penipeni pa Angónia madzulo a Julaye ndi Ogasiti, ngakhale kuti iyo sioneka ndi maso. Mafunde ake ayenda zaka pafupifupi 11 biliyoni, ndipo zaka 7 biliyoni zapitazo, dzuwa lisanabadwe, anaboola mlalang'amba wina. Apa sanadzere pambali koma m'thupi momwe, mu mpweya wothinana. Mzere wa haidrojeni wa pa 1420 unatanuka panjira mpaka kufika kuno pa 753 MHz, ndipo zotsatira za MeerKAT zinafalitsidwa mu 2021. Mu mlalang'amba womwewo ma telesikopu ena apezamo mitundu yoposa 40 ya mamolekyu, kuphatikizapo madzi ndi amoniya, mpweya womwe uja umene mafakitale amapangira urea.

Nambala ya 753 ili pafupi ndi mafunde a wailesi yakanema ndi a foni zam'manja, ndipo foni imodzi yoyaka pafupi ikhoza kuphimba mzere umene wayenda zaka 7 biliyoni. N'chifukwa chake South Africa inakhazikitsa lamulo mu 2007 loteteza bata la mafunde m'dera la Karoo, ndipo olowa pamalopo amazimitsa foni. Alimi a nkhosa a kumeneko anadandaula ndi zimenezi, chifukwa iwonso amafuna netiweki, ndiponso minda ina inagulidwa kuti ntchitoyi ipeze malo.

MeerKAT idzalowa mu telesikopu yaikulu ya SKA, imene inayamba kumangidwa mu Disembala 2022, ndipo malinga ndi mapulani idzakhala ndi mbale 197 ku South Africa. Moçambique ndi limodzi mwa mayiko asanu ndi atatu a mu Africa amene anagwirizana ndi South Africa pa ntchitoyi, pamodzi ndi Zambia, Botswana, Namibia, Kenya, Ghana, Madagascar ndi Mauritius. Kudzera mu pulogalamu ya DARA, imene inayamba mu 2015, achinyamata a m'dziko muno omaliza maphunziro a sayansi, kuphatikizapo a ku Universidade Eduardo Mondlane ku Maputo, akhala akuphunzitsidwa kutchera ndi kumasulira mafunde a kuthambo. Maziko ake ndi masamu, fizikisi ndi khemisitiri, maphunziro omwewo amene ana akuphunzira ku sekondale za ku Ulónguè ndi ku Dómuè.